Chigamba Chosaoneka

Kuseri kwa nyumba ya apongozi anga, pansi pa mtengo wa mango, kamtunda pang'ono kuchokera pa msika wa Songani, padaima galimoto zaka zoposa makumi awiri osasuntha. Nkhuku zidaikiramo mazira, ana a m'mudzi adaphunziriramo kugwira chiwongolero, ndipo m'dzinja udzu unkatulukira m'kati mwake kudzera pomwe dzimbiri lidaboola. Idali Valiant. Mwini wake, malemu apongozi anga aamuna, Allah awachitire chisoni, adapita ku Joni mwa selefu, osadzera ku Wenela, nakagwira ntchito ya utelala ku Johannesburg. Pobwerera kumudzi m'zaka za m'ma 1970 adabwera nayo galimotoyo. Akuluakulu a chigwa chino cha Domasi amakumbukirabe akwati amene idawanyamula pa tsiku la nikah, ndi odwala amene idawathamangitsira ku chipatala ku Zomba pakati pa usiku.

Pogawa chuma cha masiye, galimotoyo idagwera mwana wamkulu wamwamuna, osati chifukwa idali ya mtengo, koma chifukwa padalibe wina woifuna. Iyeyo naye adatisiya zaka zinayi zapitazo, nasiya mkazi ndi ana atatu ang'onoang'ono. Mng'ono wa malemuyo, mlamu wanga, ndi makaniko, ndipo ndiye akuyang'anira anawo. Kwa zaka ziwiri, akaweruka ku galaja, ankapita pansi pa mango paja. Adapala dzimbiri, adawotcherera zitsulo, adakasoketsa mipando ku Zomba, napopera penti yobiriwira ngati yomwe idali nayo kale. Tsiku limene injini idalira koyamba, amayi a pamudzi adaluluta. Zithunzi zidayenda pa WhatsApp, dobadoba adazigwira, ndipo posakhalitsa kudapezeka munthu wa ku Blantyre, wokonda kusunga magalimoto akale, amene adatchula mtengo wokwanira fizi ya ana onse atatu mpaka Fomu 4, n'kutsalako yofolerera malata nyumba ya mayi awo.

Usiku wina, titaswali Isha, mlamu wangayo adandikhazika pa khonde. Adandiuza zinthu zitatu zimene wogulayo sadazidziwe. Injini yomwe idabwera ndi galimotoyo idang'aluka kalekale. Yomwe ilimoyi ndi ya Valiant ina, adachita kuitanitsa ku Joni kudzera kwa dalaivala wa thiraki. Chasisi, chitsulo chomwe ndi msana wa galimoto, chidapindika kutsogolo kumanzere pamene galimotoyo idagwera m'ngalande ana onse akadali aang'ono. Iye adachiwongola, nachiwotcherera, nachipaka phula kotero kuti palibe angaone. Ndipo mita yowerengera mtunda idafa. Yomwe adaikamo ndi ya galimoto ina ija, ndipo ikuonetsa mtunda wochepa kwambiri.

"Alamu," adatero, "inu mudawerenga mabuku. Ine sindinama. Akandifunsa ndiyankha zoona. Koma akapanda kufunsa, kodi ndi udindo wanga kumuyambitsa? Komanso injini ndaikamoyi ndi yabwino kuposa yomwe idachokamo. Chilema chili pati?"

Ndivomere kuti yankho lidali kale pa lilime langa, monga zimakhalira ndi ife aphunzitsi a madrasa: timafulumira kuyankha funso limene tikuganiza kuti tidaliyankhapo kale kwa ana. Koma funso lachiwirilo lidandigwira mwendo. Chinthu chokonzedwa bwino, choposa mmene chidaliri, chingakhale bwanji ndi chilema?

Kuti timvetse, tiyambe tadziwa chimene munthu wa ku Blantyre uja akugula, pakuti si ulendo. Wofuna ulendo amagula Sienta kapena Probox yochokera ku Japan, yosamwa mafuta, yomwe masipeya ake ali m'shopu iliyonse ku Limbe. Msika wa magalimoto akale uli ndi nzeru zake, ndipo likulu lake ndi ku America. Kumeneko, kuyambira cha mu 1964, makampani adayamba kuika injini zikuluzikulu za masilinda asanu ndi atatu, zotchedwa V8, m'magalimoto a thupi lapakatikati, nawagulitsa kwa achinyamata pa mtengo wofikirika. Pontiac GTO idatuluka chaka chimenecho, Ford Mustang nayonso, ndipo Dodge Charger idatsatira mu 1966. Eni ake amawatcha muscle car, titi galimoto zadzitho. Nyengo yake idali yaifupi. Malamulo ochepetsa utsi, kukwera kwa inshuwalansi, ndi kusowa kwa mafuta kwa mu 1973, pamene maiko a Aluya adaleka kugulitsa mafuta ku America chifukwa cha nkhondo ya mwezi wa October chaka chimenecho, zidaithetsa. Zimene zidapulumuka ndizo lero anthu amalimbirana pa okushoni.

Valiant ya apongozi si ya m'gulu limenelo ndendende. Ndi msuweni wake wofatsa. Ndi ya kampani ya Chrysler, yomwenso inkapanga Dodge Charger. Ku South Africa ankailumikiza komweko, chiwongolero chili kumanja, ndipo idatchuka kwambiri, mpaka kukhala takisi ya m'malokeshoni. Injini yake ndi ya masilinda asanu ndi imodzi, yopendekera mbali imodzi, yodziwika ndi kulimba. Koma malamulo a msikawo ndi amodzi, kaya ku Florida kaya ku Blantyre. Mu January 2020, mu mzinda wa Kissimmee, Ford Mustang ya 1968 imene Steve McQueen adayendetsa mu filimu ya Bullitt idagulidwa pa madola oposa 3 miliyoni, ili ndi penti yake yakale yothetheka ndi zipsera zake zonse. Mustang ina ya chaka chomwecho, yowala kuposa iyo, siifika ngakhale pafupi ndi mtengo umenewo. Ogula a mtundu uwu amagwada ndi tochi kufunafuna manambala odindidwa pa injini ndi pa chasisi, kuti aone ngati ziwalozo zidatulukira limodzi m'fakitale. Zikatero amati ndi matching numbers, ndipo mtengo umalumpha. Choncho katundu amene ali pa malonda si chitsulo chokha. Theka lake ndi mbiri. Ndipo mbiri ndi katundu wovuta, chifukwa wogula sangaiike pa sikelo. Sikelo yake ndi pakamwa pa wogulitsa.

Tsono tibwerere ku mabuku athu. Imam Muslim adalandira nkhani yodziwika kwa tonse, yakuti Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) adadutsa pa mulu wa chakudya mu msika, napisamo dzanja, zala zake n'kukhudza chinyontho. Mwini malonda adati ndi mvula. Mtumiki sadatsutse za mvulayo. Adamufunsa chifukwa chimene sadaikire zonyowazo pamwamba kuti anthu azione, namuchenjeza kuti wachinyengo wadzipatula yekha pa njira yake. Taonani kuti munthuyo sadaname. Palibe adamufunsa ngati pansi pali pouma. Tchimo lake lidali la kasanjidwe. Apa funso loyamba la mlamu wanga lidayankhidwa kale: kukhala chete si malo obisalamo. Wogulitsa tomato pa Songani amene aika wamkulu pamwamba wowola pansi, ndi wogulitsa matemba a ku Chilwa amene aphimba onyenyeka ndi athunthu, onsewa pakamwa pawo pamakhala potseka; manja ndiwo amayankhula.

Palinso nkhani ya chiweto chimene mwini wake amachisiya masiku angapo osachikama, kuti bere litupe, wogula aganize kuti n'cha mkaka wambiri. Mtumiki adaletsa zimenezi, napatsa wogula ufulu wobweza chiwetocho, pamodzi ndi muyeso umodzi wa tende m'malo mwa mkaka umene wakama. Ma Ulama a madh-hab a Shafi'i, amene ambiri a ife kuno timatsatira, adakulitsa phunziro limeneli. Imam Nawawi, amene adamwalira mu 1277, m'buku lake la Minhaj al-Talibin adaikapo chitsanzo cha munthu wotseka madzi a ngalande kapena a mphero yoyendera madzi, n'kuwatsegula pa nthawi yogulitsa kuti aoneke ochuluka. Alimi a mpunga a kumunsi kwa mtsinje wa Domasi sangafune womasulira pa chitsanzo chimenechi. Madziwo ndi enieni, mkakawo ndi weniweni, ndipo manambala a pa mita ya mlamu wanga ndi enieni. Koma onsewa aikidwa kuti anene chinthu chimene si choona.

Komabe mawu amene adandifika pamtima ndi a m'buku la Ihya Ulum al-Din la Imam Ghazali, amene adamwalira mu 1111, pa gawo la miyambo ya kupeza rizq. Iye adati wogulitsa asatame katundu ndi zomwe mulibe, asabise chilema chake, asabise muyeso wake, ndipo asabise za mtengo wake zimene wogula akadazidziwa akadaleka kugula. Adaika m'gulu la chinyengo ngakhale kuonetsa mbali yokongola yokha ya nsalu, kapena kuionetsera pa malo a mdima. Kenaka adabweretsa funso limene Imam Ahmad ibn Hanbal adafunsidwa, lokhudza kusoka nsalu yong'ambika mwaluso kotero kuti chigamba chisaoneke. Yankho lake lidali lakuti wogulitsa saloledwa kubisa kusokako, ndipo telala amaloledwa kugwira ntchitoyo ngati akudziwa kuti mwini nsalu adzaulula, kapena kuti sakufuna kuigulitsa.

Apongozi anga, pokhala telala, akadalimva msanga yankho limeneli. Imam Ahmad sadanene kuti chigamba chosaoneka n'choipa. Luso limenelo ndi labwino. Allah amakonda kuti munthu akagwira ntchito aigwire molongosoka, ndipo chipembedzo chathu sichikonda kutaya chinthu chimene chingakonzeke. Zimene mlamu wanga adachita pansi pa mango paja ndi ntchito yotamandika, ndipo ndidamuuza choncho. Koma luso lomwelo limasintha dzina likafika pa msika. Pa nsalu yovala mwini wake, chigamba chosaoneka ndi ulemu; pa nsalu yogulitsa, chikangokhala chosanenedwa, chasanduka chida. Ndipo pamene luso likula, udindo wa pakamwa umakulanso. Makaniko wosadziwa ntchito safunika kuulula zambiri, chifukwa kuwotcherera kwake kumadziulula kokha. Mmisiri weniweni ndiye amene wachotsa m'maso mwa wogula umboni wonse, ndipo watsala yekha mboni.

Nanga funso lachiwiri lija, la injini yabwino kuposa yakale? M'mabuku a Shafi'i chilema chopatsa wogula ufulu wobweza katundu ndi chilichonse chimene chichepetsa katunduyo kapena mtengo wake mpaka kuphonyetsa cholinga chovomerezeka cha wogula, pomwe katundu wa mtundu umenewo kawirikawiri sakhala nacho. Mawu omalizawo ndi chifundo kwa wogulitsa. Palibe amene amayembekezera kuti galimoto ya zaka makumi asanu ikhale ndi matayala, mabuleki ndi batire zomwe idatuluka nazo m'fakitale. Zimenezo si zilema, ndipo sitikulamula mlamu wanga kuwerenga bawuti iliyonse. Koma muyeso wa chilema si maganizo a wogulitsa pa zomwe zili zabwino. Ndi mtengo wa pa msika ndi cholinga cha wogula. Kwa munthu wofuna kunyamula mpunga kupita nawo ku Liwonde, injini yatsopanoyo ndi mphatso. Kwa munthu wosunga magalimoto akale, yemwe wanena poyera kuti akufuna galimoto yomwe ili mmene idabwerera, ndi chinthu china osati chimene akulipirira. Munthu akafuna mkanjo umene agogo ake adavala popita ku Hajj, iwe n'kumupatsa watsopano wa nsalu yapamwamba uli chete, sudamuchitire zabwino. Wamugulitsa chinthu chimene sadapemphe, pa mtengo wa chimene adapempha.

Mlamu wanga ankadziwa zimenezi, ndipo umboni wake ndi uwu: akadakhulupirira kuti injiniyo ikweza mtengo, akadayamba ndi iyo pofotokoza. Chimene munthu akuopa kuchitchula, mtima wake wachiweruza kale.

Za chasisi sindidzatalikitsa. Pamenepo pali moyo wa munthu. Ndimakhulupirira dzanja la mlamu wanga, koma wogula, yemwe adzatsetsereka nayo galimotoyo ali ndi ana ake kumbuyo, ali ndi ufulu woona kuwotchererako ndi maso ake kapena a makaniko wake. Mita yowerengera mtunda nayo ndi sikelo basi, ndipo za ochepetsa miyeso Qur'an idawapatsa Surah yawoyawo, Al-Mutaffifin, komanso idatisimbira za anthu a ku Madyan ndi Mneneri Shuaib (alaihi salaam). Ku America komweko, mu 1972, boma lidakhazikitsa lamulo loletsa kubweza m'mbuyo mita imeneyi. Mlamu wanga sadabweze mita, adangoikamo ina. Koma wogula akawerenga manambalawo n'kusangalala, iye n'kuyang'ana kumbali, kusiyana kwake n'kochepa ngati tsitsi.

Adayesa khomo lina. Anthu obwera ku Joni amadziwa mawu akuti voetstoots, kutanthauza kuti katundu wagulidwa monga aliri, wogula asadzabwerenso. "Nanga tikalemba choncho pa pepala?" Ndidamuuza kuti ngakhale malamulo a ku South Africa komweko sateteza wogulitsa amene adadziwa chilema nachibisa dala. Ndipo kwa Imam Shafi'i khomolo n'lopapatiza koposa: kudzichotsa pa mlandu wa zilema kumathandiza wogulitsa pa chilema chobisika cha m'kati mwa chiweto, chimene iye mwini sankachidziwa. Galimoto si chiweto, ndipo iye ankadziwa.

Padalinso dobadoba uja. Iyeyo adali atalemba kale pa zithunzi kuti galimotoyo ndi orijino yense, ya mwini mmodzi, ndipo ankauza wa ku Blantyre kuti pali wina wa ku Lilongwe amene watchula kale mtengo wokwera, pomwe kudalibe. Mtumiki adaletsa najash, kukweza mtengo kwa munthu amene sakufuna kugula, n'cholinga chokola ena; ndipo kupeka wogula wosaoneka ndi mbale wake wa bere limodzi. Munthu sangalembe ganyu wina kuti amunamire, iye n'kutsala woyera.

Mpaka apa nkhani idali yosavuta, ndipo ndikadakhala kuti ndikuphunzitsa ana ndikadatseka buku. Koma mlamu wanga adali asadatulutse mfundo yake yeniyeni. Adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati: "Alamu, galimotoyi si yanga. Gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu ndi la mlamu wathu wamasiye, gawo lalikulu ndi la ana. Ndikaulula, mtengo utsika. Ndalama itsikeyo si yanga, ndi ya ana amasiye. Kodi ndili ndi ufulu wogula Jannah yanga ndi fizi yawo? Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Funso limeneli si la munthu wadyera, ndipo wina aliyense amene angaliyankhe mopepuka sadalerepo mwana wa m'bale wake. Lili ndi theka la choonadi. Qur'an, mu Surah Al-An'am ndi Al-Isra, idaletsa kuyandikira chuma cha mwana wamasiye kupatula m'njira yabwino koposa, ndipo ma Ulama adati woyang'anira chumacho sangachipereke mphatso, ndiponso sangachigulitse pansi pa mtengo umene katundu wofanana nacho akugulidwira. Zimasimbidwa za Imam Abu Hanifa, amene adali wamalonda a nsalu, kuti mnzake wa bizinesi adagulitsa nsalu ya chilema naiwala kuulula, ndipo Imamuyo adapereka sadaka ndalama zonse za malondawo. Iye akadatha kutero chifukwa chumacho chidali chake. Mlamu wanga sangachite zaufulu ndi chuma cha ana. Akuyenera kulimbikira mtengo, kukana wonyengerera, kudikira wogula wina ngati kudikirako kuli kopindulitsa.

Koma mtengo umene akulamulidwa kuuteteza ndi wa galimoto yomwe ilipo: Valiant yokonzedwa mwaluso, ya injini yosinthidwa, ya chasisi chowongoledwa. Umenewo ndiwo chuma cha ana. Ndalama yapamwamba pa umenewo, yomwe ikubwera chifukwa wogula akuganiza kuti akugula galimoto ina, siidakhalepo ya anawo. Ndi ya munthu wa ku Blantyre, ndipo ili m'thumba mwake mwachilungamo. Kuulula sikulanda ana kanthu. Kubisa ndiko kulanda mlendo n'kupatsa ana. Surah An-Nisa idamanga malonda pa kugwirizana kwa mbali ziwiri, ndipo munthu sagwirizana ndi chinthu chimene sakuchidziwa. Wagwirizana ndi chithunzi. Kuti wogulayo ndi wolemera, ndipo anawo ndi osauka, sikusintha mwini ndalama. Pali njira zimene Allah adaika zotengera chuma kwa olemera kupita kwa amasiye, Zakaat ndi sadaka, ndipo zonse zimadzera pa khomo lakumaso.

Pali ndi za pansi pano. Nambala ya injini yolembedwa mu blue book siigwirizana ndi yomwe ili pansi pa boneti. Tsiku losintha umwini, kapena tsiku limene wogula adzagwade ndi tochi yake, zidzadziwika. Shariya imamupatsa ufulu wobweza galimoto akangozindikira, n'kulandira ndalama yake yonse. Ndipo ndalamayo idzakhala itapita kale ku sukulu ndi ku malata.

Ndiulule kanthu kena, pakuti nkhani yonseyi ndi ya kuulula. Anawo ndi a mlongo wake wa mkazi wanga. Fizi ikaperewera, gawo lina la mtolowo lidzatera pa nyumba yanga, ndipo owerenga akudziwa zimene mphunzitsi wa madrasa amalandira. Usiku umenewo ndidatsegula mabuku anga, ndipo kwa kanthawi ndidadzipeza ndikufunafuna osati chigamulo, koma mpata. Munthu wophunzira ali pa ngozi yoposa ya makaniko: iye amadziwa kusoka chigamba chosaoneka pa fatwa.

Hadith ya Hakim ibn Hizam (Radhiya Allahu anhu), yomwe ili kwa Bukhari ndi Muslim, imatiphunzitsa kuti ogulitsana awiri akanena zoona ndi kulongosola, malonda awo amadalitsidwa, ndipo akabisa ndi kunama madalitsowo amafafanizidwa. Ambiri timamva ngati kufafanizikako ndi chinsinsi cha kumwamba chokha. Koma mbali ina imaoneka ndi maso. Mu 1970 katswiri wa zachuma wa ku America, George Akerlof, adalemba za msika wa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ntchitoyo idamuthandiza kulandira mphoto ya Nobel mu 2001. Mfundo yake idali iyi: ngati wogula sangathe kusiyanitsa galimoto yabwino ndi yobisa matenda, amatchula mtengo wapakati pa zonse, mwini galimoto yabwino amaona kuti mtengowo wamuchepera, nachoka pa msika, zotsala zimakhala zoipa zokhazokha, ndipo mtengo umatsikirabe. Kodi si zimene tikuziona? Aliyense wogula galimoto m'dziko muno amabwera ndi makaniko wake, amakayikira mita, amagogoda thupi kumvetsera ngati pansi pa penti pali chitsulo kapena phala, akukumbukira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wogulitsa woona amalipira msonkho wa mabodza a anzake. Kale m'matauni ena munthu ankati akagula kwa Mswahili kapena kwa Mchawa wovala kofia, mtima unkakhala pansi; kaya lero akutero, aliyense adzifunse pa msika wa kwawo.

Hadith yomweyo ikunena za anthu awiri, osati mmodzi, ndipo izi ndiyenera kuwauza abale athu a m'tauni amene amayendayenda m'midzi kufunafuna zinthu zakale. Imam Nawawi, pofotokoza Sahih Muslim, adasimba za Jarir ibn Abdullah (Radhiya Allahu anhu), amene wantchito wake adamupezera hatchi pa madirihamu 300. Jarir ataiona adauza mwini wake kuti hatchiyo ndi yoposa mtengo umenewo, nakweza yekha mpaka 800, chifukwa adalonjeza Mtumiki kuti adzafunira zabwino Msilamu aliyense. Galimoto ya apongozi ikadali pansi pa mango, anthu awiri adabwerapo kudzaipempha pa mtengo wa zitsulo zakutha. Mwina sankadziwa. Koma ngati ankadziwa, chigamba chawo chidali chosaoneka kuposa cha mlamu wanga. Za funso lakuti kodi n'koyenera kutaya mamiliyoni pa galimoto yongoyang'ana pomwe anansi akugona ndi njala, limenelo ndi funso la wogula ndi Mbuye wake, ndipo lifunika tsamba lakelake. Silipatsa wogulitsa chilolezo chilichonse.

Mawa lake tidang'amba mapepala awiri a pakati m'kope la madrasa. Ndidamuuza mlamu wanga kuti kulongosola si kunyoza katundu wako. Alembe zonse, zoipa ndi zabwino zomwe. Adalemba za injini ndi kumene idachokera, za chasisi ndi chaka chimene galimoto idagwera m'ngalande, za mita ndi kuti mtunda weniweni palibe akuudziwa. Adalembanso kuti magalasi onse, zitseko, chiwongolero ndi giyabokosi ndi zomwe zidabwera ndi bambo ake, kuti galimotoyo siidatulukepo m'banja limodzi, ndipo adasanja zithunzi za m'foni zoonetsa ntchito yonse kuyambira tsiku lochotsamo zisa za nkhuku. Dobadoba atawerenga adatukwana pang'ono, nati sadaonepo munthu wothira mchenga m'nsima yake yomwe, nachoka.

Wa ku Blantyre adabwera Loweruka ndi makaniko wake. Adawerenga mapepalawo ataimirira, kawiri. Makanikoyo adalowa pansi, napala phula ndi mpeni, nakhalako nthawi yaitali. Potuluka adagwira mlamu wanga chanza osanena kanthu. Kenaka wogulayo adatchula mtengo watsopano, wotsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mlamu wanga adati wachepa, ndipo monga woyang'anira ana adali ndi ufulu wonse wokana. Adasiyana mwaulemu. Sukulu itatsegulira tidagulitsa mbuzi ziwiri ndi matumba atatu a mpunga wa mkazi wanga kuti wamkulu uja apite. Nyumba ya mayi awo ikadali ya udzu, ndipo mvula yayandikira.

Galimotoyo ili pomwe paja, yofunditsidwa lona. Lachisanu lililonse mlamu wanga amaivundukula, nanyamula madala atatu a m'mudzi amene miyendo idawakana, kupita nawo ku Jumu'ah. Sabata yatha munthu wa ku Blantyre uja adaimba foni. Sadakweze mtengo, sadatsazikenso. Adangofunsa ngati injini yakale yong'aluka ija ikadalipo, nati ngati ilipo tisaigulitse kwa ogula zitsulo, pakuti akufuna kudzaona nambala yake. Ilipo. Ili kuseri kwa khitchini, ndipo apongozi anga aakazi akhala akuyanikapo mapoto zaka zonsezi. Ati aliyense woifuna ayambe wawamangira thandala.